Gogoda, Siketi Yothina ndi Misewu ya Blantyre

Kuntchito kwathu kuli lamulo la kavalidwe limene silinalembedwe papepala lililonse, koma mtsikana aliyense wongoyamba kumene ntchito amalidziwa sabata yoyamba isanathe. Mkazi amene amakumana ndi makasitomala ayenera kuoneka wa mu ofesi, ndipo zimenezi zimatanthauza jekete, siketi yogwira thupi yolekeza m'mawondo, ndi nsapato za gogoda. Palibe bwana amene anandiitanapo kuti andiuze zimenezi. Ndinangoona kuti tsiku limene ndavala nsapato zafulati anzanga amandifunsa ngati ndadzuka bwino, pamene tsiku la gogoda ndine amene ndimatumidwa kukalandira alendo olemekezeka pakhomo. Ndinene poyera kuti gogoda ndimazikonda, chifukwa zimandiwongola msana, zimandiwonjezera msinkhu umene makolo anga sanandipatse, ndipo kulira kwake pa matailosi kumachititsa anthu kudzutsa mitu ndisanalankhule n'komwe.

Chovuta n'chakuti pakati pa khomo la nyumba imene ndimachita lendi ku Zingwangwa ndi matailosi amenewo pali mzinda wonse wa Blantyre. Zimene ndikufuna kufotokoza zinachitika pakatipo, masana ena a mvula m'mwezi wa Febuluwale, ndipo mpaka lero sizinandichoke m'mutu.

## Nsapato za pansi posalala

Gogoda zowonda chidendene zija zinatchuka ku Paris m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene Roger Vivier ankapanga nsapato zovalira pamodzi ndi zovala za Christian Dior, ndipo siketi yowongoka yothina imene lero timaiyesa yunifolomu ya mu ofesi inatchuka m'zaka zomwezo kudzera mwa Dior yemweyo. Chimene chimathandiza kuti chidendene chowonda chotero chisathyoke ndi kachitsulo kamene kamaikidwa m'kati mwake, ndipo kunsi kwa kachitsuloko amakhomerako kalabala kolimba kamene nthawi zambiri m'lifupi mwake simupitirira sentimita imodzi. Mkazi wolemera makilogalamu 60 akamayenda, pamakhala kamphindi kamene gawo lalikulu la kulemera kwakeko limatsikira pa kalabala kameneko. N'chifukwa chake gogoda zimamira m'dothi lonyowa, zimasiya timaenje pa phula lofewa ndi dzuwa la Okutobala, ndipo zimapeza mng'alu uliwonse umene nsapato ina ikanaudutsa osaudziwa. Ku Greece boma linachita kuletsa nsapato zotere mu 2009 m'malo a mbiri yakale ngati Acropolis, poona kuti zikuwononga miyala. Kwathu kuno miyala ilibe choopa, zimene zimatha ndi nsapato ndi akakolo athu.

Siketi yothina nayo ili ndi zake. Imasunga mawondo pamodzi, motero imafupikitsa sitepe iliyonse, ndipo ngakhale telala atasiya mpata kumbuyo, sungatambasule mwendo kuti ulumphe chithaphwi kapena kukwera msanga pamalo aatali. Zovala ziwirizi zikakumana, chimodzi chimafuna kuti usankhe mosamala poponda, chinzake chimakuletsa kufika pamene wasankhapo. Mkazi wotsika galimoto pakhomo pa hotela n'kulowa pa kapeti sangadziwe zimenezi, ndipo kwa iye zovalazi zilibe cholakwika chilichonse.

## Kuchokera kunyumba kukafika m'tauni

Kanjira kochokera kwathu kukafika pa tala ndi ka fumbi m'chilimwe ndi ka matope m'dzinja, ndipo madzi otsika m'phiri la Soche amakakumba chaka ndi chaka mpaka miyala kutsala pamtunda. Pamenepo umayenda ndi zala zokha, chidendene chili m'mwamba, uku ukupempherera kuti galimoto isaponde chithaphwi iwe uli pafupi. Ukafika pa siteji m'pamene mayeso enieni amayamba. Khomo la minibasi ndi lalitali kwa munthu amene mawondo ake ndi omangika, choncho umatembenuka chammbali, dzanja limodzi kugwira mpando, lina kukokera siketi pansi, n'kudzikweza ndi mphamvu ya mkono, kondakitala ali pambuyo pako akumenya denga la galimoto kuti, "Tiyeni asisi, tachedwa!" Malo akakhala a kumbuyo kwenikweni, umadutsa chowerama pamwamba pa kampando kopinda kaja, ndipo aliyense amene wakhala kale amaona zimene ukuyesetsa kubisa. Mukapanikizana anayi pa mpando wa anthu atatu siketi imakwera yokha, ndipo ulendo wonse chikwama chimakhala pamawondo, osati chifukwa choopa akuba.

Ma Sienta amene achuluka masiku ano ndi aafupi ndipo kukwera kwake n'kosavuta, koma suwapeza nthawi iliyonse imene ukuwafuna. Za kabaza wa njinga yamoto ndiye ndinazisiya. Siketi yothina siilola kutang'adza, choncho umakhala chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, wopanda pogwira pokwanira, chidendene chikulendewera pafupi ndi tayala kapena ekizozi yotentha. Njinga ikakhota mwadzidzidzi munthu wokhala chotero ndiye woyamba kugwa, ndipo aliyense amene anakazondapo wodwala ku chipatala cha Queens anaona kuchuluka kwa anthu othyoka miyendo pa ngozi za njinga zimenezi.

M'tauni mwenimwenimo ntchito siichepa. Amishoni a ku Scotland amene anakhazikika kuno mu 1876 anasankha malo okwera ndi ozizira bwino, ndipo mzinda unakula pa zitunda zomwezo, moti wotsika minibasi ku Mibawa, kufupi ndi msika ndi mtsinje wa Mudi, amayamba tsiku lake ndi chitunda. Kukwera Victoria Avenue kulowera ku hotela ya Mount Soche n'kopiririka, chifukwa chitundacho chimabweza pang'ono kupendekeka kwa phazi. Kutsika ndiye kowawa, popeza kutsetsereka kwa msewu kumawonjezera pa kutalika kwa chidendene, thupi lonse limakankhira zala kumphuno kwa nsapato, ndipo mawondo ndi amene amasenza ntchito yoletsa kuti usagwe chafufumimba. Makonde a masitolo nawo sagwirizana. Sitolo iliyonse inamanga khonde lake pa msinkhu wake, ina ndi simenti, ina ndi matailosi oterera mvula ikagwa, ndipo pamene khonde lathera umapeza galimoto itaimikidwa pa njira ya oyenda pansi kapena katundu wa malonda atayalidwa, n'kukakamizika kutsikira mumsewu.

## Masana a mvula aja

Tsikulo ndinatumidwa kukasiya makalata ofunika kusainidwa ku Ginnery Corner isanakwane 3 koloko. Galimoto ya kuntchito inali itapita ndi mabwana ku Limbe, ndipo ndinauzidwa kuti ndingokwera minibasi popeza si patali. Mvula inali itangosiya, madzi akuthamangabe m'ngalande, ine ndikutsetsereka kulowera ku siteji ina, envulopu kukhwapa, ambulera m'manja. Ngalande ya pamalopo inavindikiridwa ndi zidutswa za konkire zoyalidwa motsatizana, ndipo pakati pa ziwiri panali mpata wosakwana zala ziwiri. Chidendene chakumanzere chinalowa mumpatamo mpaka kumapeto n'kukanirira.

Phazi lakumanja linali litapita kale patsogolo, motero miyendo inatambasuka kuposa mmene siketiyo ikanalolera, ndipo ndinamva msoko wakumbuyo ukung'ambika chokwera m'mwamba. Nsapatozo zinali za lamba wa pa kakolo, choncho sindikanatha kungosolola phazi n'kuisiya nsapatoyo pomwepo. Kuti ndimasule lambayo ndinayenera kunyonyomala, koma kunyonyomala ndi siketi yong'ambika kumbuyo, pamaso pa siteji yodzaza ndi anthu, kunali kosatheka. Ndinaima chilili, ambulera nditaipititsa kumbuyo kuti iphimbe pong'ambikapo, uku ndikugwedeza phazi pang'onopang'ono, nkhope nditaiumitsa kuti odutsa aganize kuti ndikudikira munthu.

Likhweru loyamba linachokera kwa mmodzi mwa anyamata oitanira minibasi. Kenako wina anakuwa kuti, "Akuluakulu, taonani, madamu akodwa!" ndipo kunamveka chikhakhali. Wina anafunsa ngati siketiyo ndinabwereka kwa mng'ono wanga wa ku pulayimale. Anayamba kuyandikira, osati mothamanga, koma mmodzimmodzi, manja ali m'matumba, ndipo ndinaona mafoni atakwezedwa m'mwamba. Sindinganene kuti onse anali ndi cholinga choipa, chifukwa ambiri ankangofuna choseketsa pa tsiku lozizira la okwera ochepa. Koma mkazi aliyense wa m'dziko muno amene anali wozindikira mu 2012, chaka chimene mavenda anavula akazi m'misewu, amadziwa mmene bwalo lotere limayambira ndi kumene lingathe kukathera, ndipo miyendo yanga inayamba kunjenjemera, m'kamwa munauma gwa.

Amene anadzuka ndi mayi ena amene ankaotcha chimanga pa mbaula pansi pa khonde. Anali achikulire, a msinkhu wa mayi anga, atavala zitenje ziwiri chifukwa cha kuzizira. Sanathamange ndipo sanakuwe. Anamasula chitenje chapamwamba akuyenda, anafika kumbuyo kwanga, n'kundikulunga nacho m'chiuno ndi kumanga mfundo yolimba pambali. Chinkamveka fungo la utsi wa makala. "Imani chomwecho mwanangu, musagwedezeke," anatero motsitsa mawu. Kenako anatembenukira kwa anyamata aja. "Ana inu, kwanu kulibe alongo anu? Mukufuna muone chiyani chimene amayi anu alibe? Tiyeni uko, kaitanireni minibasi." Ena anaseka mwamanyazi, ena anang'ung'udza, koma bwalo linabalalika. Mnyamata mmodzi, amene ndikukhulupirira kuti anali m'gulu la oseka, anatola envulopu imene inali itagwa pansi, anaipukuta ndi malaya ake n'kundipatsa ndi manja awiri.

Mayiwo anakodola bambo ena osoka nsapato a pakhonde lomwelo. Bambowo anabwera ndi kachitsulo kawo, anagwada pa konkire yonyowa, n'kunena kuti, "Pepani mayi, ndigwira phazi lanu." Anamasula lamba, ine n'kuponda pansi ndi phazi lopanda kanthu, iwo n'kumatembenuza nsapatoyo uku ndi uku mpaka inatuluka. Kalabala kanatsalira m'ngalande, chikopa cha chidendene chinasupuka, kachitsulo ka m'kati kali pamtunda. Ndinakhala pa kireti ya mayi aja pamene bambowo ankakhomera kalabala kena, ndipo akugwira ntchitoyo anandiuza mosabisa kuti mpata umenewo amaudziwa bwino. "Kabowo kameneka kamandidyetsa, mayi. Sabata siitha osabwera wina."

Ndalama ya chitenje mayiwo anakana. Anati ndidzabweze ndikadzadutsa, ndipo pamene ndinkanyamuka anawonjezera mawu amene ndakhala ndikulimbana nawo kuyambira tsikulo. "Tauni ino, mwanangu, mkazi sayenda wopanda chitenje m'chikwama. Sikuti mwalakwa ayi, koma anthu ake ndi omwewa." Makalata ndinakasiya nditavala jekete ya suti kumtunda ndi chitenje cha utsi kumunsi, ndipo mlembi amene anawalandira anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi osanena kanthu.

## Chitenje chija

Zoti ndimawayamika mayi aja n'zosachita kufunsa. Koma usiku umenewo ndinagona ndi mkwiyo, ndipo zinanditengera nthawi kuti ndidziwe kumene unkachokera. Chitenje chinandipulumutsa, koma chinatero povomerezana ndi anyamata aja kuti vuto linali thupi langa ndi siketi yanga, ndipo kuti zikaphimbidwa nkhani yatha. Palibe amene anakwiyira mpata wa pa ngalande, ndipo palibe amene anafunsa chifukwa chake munthu wovala chotero anatumidwa wapansi tsiku la mvula.

Mayi anga amasimba za nthawi ya Kamuzu, pamene lamulo la Decency in Dress Act la mu 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba mawondo. Atsikana ankayenda chitenje chili pafupi poopa apolisi ndi achinyamata a chipani, ndipo ngakhale alendo ochokera kunja otsika ndege ku Chileka ankayenera kulitsatira. Lamulolo linachotsedwa mu 1993, chaka cha riferendamu, koma linangochoka m'mabuku, pakuti m'misika ndi m'masiteji linapeza olisunga ena amene palibe anawasankha. Mu Januwale 2012 magulu a mavenda anavula akazi ovala mathalauza ndi masiketi aafupi m'misewu ya Lilongwe, Mzuzu ndi muno mu Blantyre. Amayi anasonkhana mumzinda uno kudzatsutsa mchitidwewo, ena atavala malaya olembedwa funso lopita kwa mavenda lakuti lero ndikugule, mawa undivule. Joyce Banda, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti, anali nawo pamsonkhanowo, ndipo pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena pa wailesi kuti akazi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna. Chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo inavomereza Gender Equality Act, lamulo limene limati kuzunza munthu ndi mawu kapena machitidwe onyazitsa okhudza kugonana ndi mlandu.

Malamulo amenewa ndi ofunika ndipo anthu anawavutikira, koma pa ngalande paja amene anafika ndi mayi ootcha chimanga. Choncho ndikamasinkhasinkha mawu awo ndimakumbukira kuti iwo amakhala pa siteji imeneyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anyamatawo amawadziwa ndi mayina omwe, ndipo malangizo awo anachokera pa zimene maso awo aona. Tsiku limene ndinakabweza chitenjecho, nditachichapa ndi kuchisita, pamodzi ndi paketi ya shuga, anandiuza kuti mwana wawo wamkazi amagwira ntchito mu sitolo ina ku Limbe ndipo amavala masiketi othina kuposa yanga ija. Sanamuletsepo, amangoonetsetsa kuti m'chikwama mwake muli chitenje asanatuluke m'nyumba. Sindinapeze mawu owatsutsira, ndipo inenso tsopano ndimayenda nacho.

Amene ndimakana kugwirizana nawo ndi anthu ena, ophunzira ndi ovala bwino, amene amatenga mawu omwewo n'kuwasandutsa chiweruzo, amvekere akazi a masiku ano akudziputira okha posiya chikhalidwe. Amene ankandiimbira malikhweru anali atavala majinzi ndi malaya a matimu a mpira a ku England, ndipo palibe amene anawafunsa za chikhalidwe. Komanso siketi imene ankaiseka ndi yomweyo imene kuntchito amati ndi ulemu kwa kasitomala. Mkazi mmodzi yemweyo, tsiku limodzi lomwelo, amayenera kukhutiritsa bwalo la mu ofesi limene limafuna gogoda ndi bwalo la pa siteji limene limafuna chitenje, ndipo lililonse lili ndi chilango chake kwa wolephera.

## Kuyenda choyang'ana pansi

Kuyambira tsikulo ndimayenda m'tauni choyang'ana pansi, ndipo ndaona zinthu zimene kale ndinkazidutsa osaziona. Ndikudziwa pamene chivindikiro cha chitsulo chinabedwa n'kutsala dzenje lotseguka, pamene mizu ya mtengo inatukula simenti, pamene okumba mapaipi anakwirira ndi dothi lokha osabwezeretsa phula, ndi pamene njira ya oyenda pansi imangothera m'malere popanda chenjezo.

Ndaonanso anthu ena amene akulimbana ndi malo omwewo. Pali bambo osaona oyenda ndi ndodo yoyera, imene imalowa mumpata ngati uja mofanana ndi chidendene changa. Pali mnyamata wa ndodo ziwiri wochokera kuchipatala, amene amaima pa khonde lililonse kuyeza ngati angatsike. Mayi wobereka mwana kumbuyo, dengu lili pamutu, sangathe n'komwe kuwerama kuti aone pamene akuponda, ndipo munthu wa njinga ya olumala amayenda pakati pa galimoto chifukwa makonde ambiri ali ndi masitepe. Lamulo loona za anthu aulumali la mu 2012 linanena za ufulu wofika mosavuta m'nyumba ndi m'malo a anthu onse, koma woyenda pansi aliyense angachitire umboni kuti ntchito ikadalipo yambiri. Kusiyana kwa ine ndi iwo n'kwakuti ine ndikafika kunyumba ndimavula vuto langa n'kuliika pansi pa bedi.

Chinanso chimene ndinazindikira n'chakuti akazi amene amavala gogoda tsiku lonse osadandaula, amene atsikana timawasirira, pafupifupi onse ali ndi galimoto. Mtunda umene amayenda ndi wochokera poimika galimoto kukafika pa chikepe. Iwo pamodzi ndi amuna a maudindo ndi amene amakhazikitsa muyezo wa maonekedwe, koma woulipira ndi mtsikana wa malipiro ochepa wochokera ku Bangwe, ku Ndirande kapena ku Machinjiri. Amaulipira ndi ndalama za kwa osoka nsapato mwezi ndi mwezi, ndi nsapato za pa kaunjika zimene sizitha nyengo imodzi ya mvula, ndiponso ndi matuza, zala zopanikizana ndi mawondo owawa madzulo. Kuvala zidendene zazitali kwa zaka zambiri kumafupikitsa minofu ya katumba ndi kuumitsa mtsempha wa kuseri kwa kakolo, n'chifukwa chake akazi ena amamva ululu tsiku limene avala zafulati, n'kumaganiza kuti phazi lawo linabadwira gogoda.

Njira imene akazi tinapeza ndi ya nsapato ziwiri. Mukaima pafupi ndi nyumba za maofesi cha m'ma 7 koloko m'mawa mudzaona akazi akukhotera kuseri kwa chipupa kapena kuima pa masitepe, dzanja limodzi litatsamira khoma, akuvula masilipasi kapena sofiya zamatope n'kuziika mu jumbo, kenako n'kutulutsa gogoda zonyezimira. Alonda amadziwa, ndipo wa kuntchito kwathu amasunga kansanza kopukutira mapazi. Pansi pa madesiki athu pali nsapato zokwanira kutsegula sitolo. Zonsezi timachita mobisa, kuti kasitomala aganize kuti tonse tinatsika m'galimoto, ngakhale kuti kasitomala yemweyo mwina tinakhala naye mpando umodzi mu minibasi.

## Msonkhano wa Lolemba

Nkhaniyi si ya kuno kokha. Nicola Thorp anabwezedwa pa ntchito yolandira alendo ku London chifukwa chokana kuvala gogoda, ndipo mu 2016 anthu oposa 150,000 anasaina chikalata chake chodandaula, mpaka nkhaniyo inakakambidwa ndi aphungu a ku Britain. Mu 2019 Yumi Ishikawa anayambitsa dandaulo lofanana ku Japan. Ku London kuja lamulolo linali lolembedwa, motero linali ndi pogwira. Lathuli ndi lovuta kulitsutsa chifukwa aliyense angathe kunena kuti kulibe.

Ndi zimenenso zinachitika nditaitchula nkhaniyi pa msonkhano wa Lolemba m'mawa. Za ngalande sindinafotokoze, ndinangopempha kuti aliyense wotumidwa kunja wapansi aloledwe kuvala nsapato zafulati popanda kufunsidwa mafunso, ndi kuti ngati kampani ikufuna tikaonekere kwa makasitomala titavala gogoda, itipatse galimoto kapena ndalama ya takisi. Bwana wamkulu anadabwa n'kunena kuti sanauzepo munthu aliyense kuti avale gogoda, ndipo ankanena zoona. Mnzathu wina wamwamuna anaseka, amvekere akazi mumadzizunza nokha. Amene anandidabwitsa ndi mayi a ku akaunti, amene akhalitsa pamalopo kuposa tonse ndipo sakonda kulankhula pamisonkhano. Anawerama, anatulutsa jumbo pansi pa mpando, n'kuika patebulo nsapato zawo zoyendera, matope a ku Chirimba akadali pomwepo. "Bwana, izi ndi zimene zimandibweretsa kuntchito," anatero. "Zimene ndavalazi ndi za inu."

Tinagwirizana kuti wotumidwa kunja azivala zimene angathe kuyendera, ndipo zinalembedwa m'maminitsi. Za ndalama ya takisi anati adzaziona bajeti ikamadzakambidwa. Nditafunsa ngati mathalauza a suti angaloledwe kwa olandira alendo pakhomo, maganizo anagawanika, akazi ena ali mbali yokana, ndipo wapampando anati nkhaniyo idzakhale yoyamba pa msonkhano wotsatira, popeza nthawi inali itatha ndipo makasitomala anali atayamba kale kufola panja.